Ndondomeko ya zilembo tiziiuza tokha kompyuta

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani ina imene ambiri amaiona ngati yaing'ono koma ikusokoneza ntchito zambiri, nkhani ya mmene kompyuta imasanjira mawu ndi mayina mu fayilo. Masiku ano aliyense amene ali ndi mndandanda, kaya wa mayina a anthu, kaya wa katundu, kaya wa mawu a mu dikishonale, amangodina batani lija la A mpaka Z nkumati basi zatheka. Ndiye dzina lina likapezeka kuti palibe pamene limayenera kukhala, ena amati kompyuta yalakwitsa, ena amati amene analemba uja ndi wosasamala. Ine ndikuti ayi. Kompyuta yachita zimene inauzidwa, kungoti palibe anakhala pansi nkuiuza ndondomeko ya zilembo imene ikufunika pa ntchitoyo, nde iyo yangotenga imene inabwera nayo.

Tiyambe ndi apa, kompyuta sidziwa chilembo olo chimodzi, imadziwa manambala basi. Chilembo chilichonse chili ndi nambala yake. Mu tebulo la ASCII, limene linatuluka koyamba mu 1963 ndipo lili ndi malo 128, A wamkulu ndi 65, Z wamkulu ndi 90, a wamng'ono ndi 97, z wamng'ono ndi 122, mpata uja timasiya pakati pa mawu ndi 32, ndipo manambala 0 mpaka 9 ali pa 48 mpaka 57. Pulogalamu ikamasanja popanda kuuzidwa china chilichonse imangoyang'ana manambala amenewa, wochepa patsogolo wamkulu pambuyo. Nchifukwa chake mawu oti Zikomo amabwera patsogolo pa abale, poti 90 ndi wochepa kuposa 97, zilembo zazikulu zonse zimatha kaye kenako nkumayamba zing'onozing'ono. Nchifukwa chakenso fayilo10 imakhala pamwamba pa fayilo2, pulogalamu ikuona 1 ndi 2 yokha, siikuona khumi ayi. Ndipo dzina limene wolemba anasiya kampata kutsogolo kwake mosazindikira limakakhala pamwamba penipeni pa mndandanda wonse, munthu nkumalifuna pakati osalipeza.

Wina anena kuti zimenezo nzakale, pano kuli Unicode. Zoona kuli Unicode ndipo yatithandiza kwambiri kuti zilembo za zilankhulo zambirimbiri zizilembeka, koma manambala 128 oyambirira a Unicode ndi omwe aja a ASCII, ndipo nambala ya chilembo mu Unicode sinapangidwe kuti ikhale malo ake mu alifabeti. Taonani zimene zimachitika ndi mawu athu omwe. Chilembo cha ŵ, w uja wa kadenga pamwamba, nambala yake ndi 373. Ndiye mukasanja potengera manambala okha, mawa amakhala pamalo pake pafupi ndi mawu, koma maŵa amakagwera kuseri kwa maziko, chifukwa 373 ndi wamkulu kuposa z wa 122 uja. Sizinathere pomwepo, ŵ yemweyo atha kusungidwa mwanjira ina, w wamba kenako kadengako pakokha kamene nambala yake ndi 770, pa sikirini zikuoneka chimodzimodzi ndithu maso sangasiyanitse, koma ameneyu akakhala pamalo ena achitatu, pambuyo pa mawu koma patsogolo pa maziko. Liwu limodzi malo atatu.

Nkhodolero nde ndi imene imandidandaulitsa kwambiri. Pali nkhodolero yoongoka imene ili pa kiyibodi, nambala yake 39, ndiye pali yopindika ija imene mapulogalamu olembera makalata ndi mafoni ena amaiyika okha osakufunsani, nambala yake 8217. Tengani mawu awa: ngalande, ngolo, ngongole, nguluwe, ngwazi, ndipo muikepo ng'ombe. Ngati nkhodolero ndi yoongoka ng'ombe ibwera poyamba penipeni patsogolo pa ngalande, popeza 39 ndi wochepa kuposa chilembo chilichonse. Ngati ndi yopindika ng'ombe yomweyo ikakhala kumapeto kuseri kwa ngwazi. Mukatengera mndandanda womwewo mu Excel, iyo posanja mawu siwerengera nkhodolero ndi kamzere kolumikiza mawu, imangozidumpha, nde ng'ombe iwerengedwa ngati ngombe nkukhala pakati pa ngolo ndi ngongole. Tsopano ganizirani mndandanda wa mayina zikwi zambiri umene alemba anthu osiyanasiyana, wina pa foni wina pa laputopu, mayina okhala ndi ng' abalalika malo atatu ndipo munthu wofufuza dzina lake apa auzidwa kuti mulibemo, chonsecho alimo. Apa mpamene nkhaniyi imasiya kukhala ya akatswiri a makompyuta okha, chifukwa amene wabwezedwayo sadziwa nkomwe kuti kuli nkhodolero ziwiri.

Ndipo tisaganize kuti kuli ndondomeko imodzi yolondola imene dziko lonse limatsata, kulibe. Ku Sweden å, ä ndi ö zimabwera pambuyo pa z. Ku Germany ä yemweyo mu dikishonale amamuwerenga ngati a, koma m'mabuku a manambala a foni amamuwerenga ngati ae, njira ziwiri m'dziko limodzi ndipo zonse zinalembedwa mu muyezo wawo wa DIN 5007. Ku Denmark aa amamutenga ngati å, ndiye mzinda wa Aarhus olo ukuyamba ndi A umapezeka kumapeto kwa mndandanda. M'chilankhulo cha ku Czech Republic ch ndi chilembo chimodzi ndipo chimabwera pambuyo pa h osati pambuyo pa c. Olankhula Chisipanishi kwa zaka zambiri ankasanja ch ndi ll ngati zilembo zapazokha, mpaka mu 1994 pamene mabungwe awo oona za chilankhulo anagwirizana kuti zisiye kutero. Chimene ndikufuna muone apa nchakuti onsewa anakhala pansi, anakambirana, nkulemba. Ndondomeko ya zilembo ndi chigamulo cha anthu, ndipo itha kusinthidwa ndi anthu omwewo.

Olo pakati pa makompyuta okhaokha sizigwirizana. Makompyuta akuluakulu a IBM aja amagwiritsabe ntchito mabanki ndi makampani a inshulansi ali ndi tebulo lawo la EBCDIC, limene linabwera m'zaka za m'ma 1960 nthawi ya System/360. Mmenemo zinthu ndi zotembenuka, a wamng'ono ndi 129, A wamkulu ndi 193, 0 ndi 240, kutanthauza kuti zing'onozing'ono zimatsogola, zazikulu pambuyo, manambala kumapeto. Ndiye fayilo imene inasanjidwa bwinobwino kumeneko ikasamutsidwa kupita pa seva ya Linux, zilembo zisinthidwa kukhala za ASCII, mawu onse akuwerengeka bwino, koma kwa makina atsopanowa fayiloyo ndi yosasanja. Anthu a makina akale amenewa vutoli analiona kalekale, nchifukwa chake mu chilankhulo cholembera mapulogalamu cha COBOL muli njira yolembera alifabeti yako yako nkuuza SORT kuti itsate imeneyo, ndipo pulogalamu yosanjira ya DFSORT ili ndi ALTSEQ, pamene umanena kuti chilembo chakuti uchiwerenge ngati chili pamalo akuti. Zimandimvetsa chisoni kuti ana ambiri amene akuphunzira kulemba mapulogalamu lero amaphunzitsidwa njira zosanjira monga bubble sort ndi quicksort mpaka kuloweza, koma funso loti kodi mawu awiri timawayerekeza bwanji kuti tidziwe otsogola silifunsidwa nkomwe, chonsecho pa ntchito yeniyeni palibe amene amalemba quicksort yake, njira yosanjira ilipo kale mu zilankhulo zambiri za mapulogalamu, chimene umalemba iweyo ndi lamulo loyerekezera lija.

Nanga munthu apange bwanji? Njira imene ine ndimaikhulupirira ndi yopanga kiyi wosanjira. Umalemba tebulo lako, chilembo chilichonse nkuchipatsa nambala ya malo amene ukufuna chikhale, kenako pa mzere uliwonse wa mu fayilo umatenga gawo limene ukusanjira, tinene dzina, nkulisandutsa mndandanda wa manambala kuchokera pa tebulo lija, ndipo pulogalamu imasanja potengera manambala amenewo koma polemba fayilo yatsopano imalemba mzere weniweni uja mmene unalili osasintha kanthu. Zili ngati katikiti ka nambala kamene munthu amapatsidwa akaima pa mzere, katikitiko ndi kamene kakunena malo ake, munthuyo sanasinthe. Mu chilankhulo cha mapulogalamu cha Python ndi nkhani yongopereka fankishoni yako ku key mu sorted, mu chilankhulo cha C muli strxfrm imene imachita zofananazo potengera chilankhulo chimene makina aikidwa. Ubwino wake winanso ndi liwiro. Kusanja mizere 1,000,000 kumafuna kuyerekeza pafupifupi ka 20,000,000, ndiye ngati pa kuyerekeza kulikonse ukumasuliranso mawu awiri kuchokera pa tebulo, ntchito yomasulirayo uichita pafupifupi ka 40,000,000, pamene ukapangiratu kiyi kamodzi pa mzere uliwonse uichita ka 1,000,000 kokha basi.

Pali ena amakonda njira yachidule, kusintha zilembo zonse za mu fayilo ndi lamulo la pa Linux losinthira zilembo lotchedwa tr, kusanja, kenako nkuzibwezera. Imagwira ngati chilembo chilichonse chili ndi mnzake mmodzi yekha wosinthana naye, koma tsiku limene mwaganiza kuti A ndi a ziziwerengedwa mofanana nkuzisandutsa chilembo chimodzi, pobwezera simudziwanso kuti wamkulu anali uti, deta yaonongeka ndipo siibwereranso. Chonde deta ya eni ake musamaikhudze, gwirani kiyi yekha.

Popanga kiyi ameneyu mpamene pagona ntchito yonse ndipo ndikufuna ndikhalepo pang'ono. Musanayang'ane nkomwe pa tebulo, yeretsani kaye kope la dzinalo, chotsani mipata ya kutsogolo ndi kumapeto, nkhodolero zonse ziwiri muzisandutse imodzi, ndipo ŵ wa zidutswa ziwiri uja mumuphatikize akhale mmodzi, a Unicode anakonza kale njira yochitira zimenezi imene imatchedwa NFC ndipo ili mu zilankhulo zambiri zikuluzikulu za mapulogalamu. Kenako ngati mwagamula kuti zilembo zingapo zikakhala pamodzi ziziwerengedwa ngati chimodzi, monga ch wa ku Czech Republic uja kapena ng' wathu, pulogalamu iziyamba yayesa chachitali kaye, ikafika pa n iyang'ane kutsogolo ngati pali g ndi nkhodolero, zikakhalapo itenge zitatu zonse nkupereka nambala imodzi, zikapanda kukhalapo mpamene itenge n yekha. Mukatembenuza, n atengedwa msanga ndipo lamulo la ng' silidzagwirapo ntchito olo kamodzi, ndipo pulogalamu siidandaula ayi, ingopitirira ngati zonse zili bwino.

Ndiye pali nkhani ya masitepe. Anthufe tikamasanja mawu sitiyerekeza zonse nthawi imodzi, timayamba taona zilembo zokha osalabadira kadenga kapena kukula kwa chilembo, zikafanana mpaka kumapeto kwa liwu mpamene timayang'ana tizizindikiro, tikafanananso mpamene timayang'ana zazikulu ndi zazing'ono. Umu ndi mmenenso Unicode Collation Algorithm imagwirira ntchito, sitepe yoyamba zilembo, yachiwiri tizizindikiro ta pamwamba, yachitatu kukula. Mukatero mawa ndi maŵa akhala moyandikana mmene munthu aliyense angayembekezere, ndipo mawu abwera pambuyo pa onse awiri. Amene amalakwitsa apa ndi uja amangopereka nambala 23 kwa w ndi 24 kwa ŵ ngati zilembo ziwiri zosiyana, zotsatira zake mawu alowa pakati pa mawa ndi maŵa. Mwina ndi zimene akufuna, sindikukana, koma akhale atasankha dala osati zongomugwera. Ndipo amene safuna kulemba zonsezi yekha pali laibulale, kutanthauza khodi yolembedwa kale imene mapulogalamu ena amangoigwiritsa ntchito, yotchedwa ICU, imene imakulola kuyambira pa ndondomeko ya Unicode nkungolemba zimene ukusintha zokha, mwachitsanzo &h < ch ndiye kuti ch azibwera pambuyo pa h, kamzere kamodzi basi.

Funso lina limene anthu amaliiwala, nanga chilembo chimene mulibe mu tebulo lanu? Tsiku lina mu fayilo mulowa dzina lokhala ndi é kapena ç, kapena kachizindikiro kosaoneka kamene kanabwera pokopera mawu pa intaneti. Mapulogalamu ambiri olembedwa mothamanga amangochipatsa 0 kapena kuchidumpha mwakachetechete. Ine maganizo anga ndi oti pulogalamu iziima kapena izilemba penapake kuti mzere wakuti uli ndi chilembo chachilendo, munthu aone agamule, kusiyana nkuti mzerewo ukabisale pamalo pamene palibe adzaufune. Komanso mizere iwiri ikafanana pa masitepe onse pakhale lamulo lomaliza lodulira, olo kungoyerekeza manambala enieni a zilembo, kuti fayilo yomweyo ukaisanja lero ndi mawa izituluka chimodzimodzi. Kusanja kwa Python kumasunga mizere yofanana mmene inabwerera, koma si mapulogalamu onse amene amatero, pulogalamu yosanjira ya pa Linux yotchedwa sort mpaka uiwuze ndi -s. Za mzere wa mitu ya makolamu umene umasanjidwa limodzi nkukapezeka pakati pa fayilo sindinenapo zambiri, ingouchotsani kaye muubwezere pamapeto pa ntchito.

Koma choopsa kwambiri sikuti mndandanda uoneka wosalongosoka ayi, choopsa ndi pamene mapulogalamu awiri akugwiritsa ntchito fayilo imodzi aliyense ndi ndondomeko yake. Fayilo ikakula kuposa memore, pulogalamu imaidula zidutswa, kusanja chilichonse pachokha, kenako nkuziphatikiza pongoyang'ana mzere wapamwamba wa chidutswa chilichonse, ndipo kuphatikizako kumadalira kuti zidutswa zonse zinasanjidwa ndi lamulo limodzi. Kufufuza mwachangu nakonso nchimodzimodzi, pulogalamu imatsegula pakati, kuona ngati dzina lili kumtunda kapena kumunsi, nkutaya theka linalo osaliyang'ananso, ndiye ngati lamulo lake likuti ng'ombe ili kumtunda pamene wosanja anaiika kumunsi, yankho libwera loti palibe. Pa Linux malamulo a join ndi comm, ophatikiza ndi kuyerekeza mafayilo awiri, amafuna mafayilo osanjidwa mofanana ndi mmene iwowo akuyerekezera, ndipo sort imasintha khalidwe potengera chilankhulo chimene chaikidwa mu LC_COLLATE ya makinawo, kotero kuti sikiripiti imodzimodzi itha kutulutsa zosiyana pa makompyuta awiri. Nchifukwa chake odziwa amalemba LC_ALL=C kutsogolo, kuti kusanja kuzingotsata manambala a zilembo, ngati fayiloyo ndi yoti iwerengedwe ndi makina anzake, nkusiya ndondomeko ya chilankhulo kuti igwire ntchito pa zimene anthu aziwerenga ndi maso.

Ndipo izi sizongoopseza. Mu 2018 laibulale ya glibc, imene makompyuta ambiri a Linux amadalira, inatulutsa 2.28 ndipo mmenemo ndondomeko yosanjira ya zilankhulo zambiri inasinthidwa. Madetabesi a PostgreSQL amene maindekisi awo, timindandanda tosanjidwa kale tofufuzira mwachangu, anamangidwa ndi ndondomeko yakale, atasamutsidwa kupita pa makina atsopano, anali pa chiopsezo choti mizere ina isamapezeke ngakhale ilimo, ndiponso kuti zinthu zimene zimayenera kulowa kamodzi kokha zilowe kawiri, mpaka eni ake a PostgreSQL analangiza anthu kuti amangenso maindekisi a mawu akasintha makina. Palibe analemba dzina molakwika pamenepo, deta inali yomweyo, chinasintha ndi lamulo loyerekezera basi. Ngati zinagwira anthu odziwa chonchi, kuli bwanji ofesi imene mndandanda wake umadutsa pa foni, pa Excel, kenako mu detabesi, popanda olo pepala limodzi lonena kuti timasanja motere.

Pempho langa kwa olemba mapulogalamu ndi loti tebulo la ndondomeko lija lisamabisike mkati mwa khodi, likhale fayilo yapayokha imene munthu wamba angathe kuiwerenga, yokhala ndi nambala ya mtundu wake ndi tsiku limene inasinthidwa, ndipo pulogalamu iliyonse yosanja, yophatikiza kapena yofufuza iziwerenga fayilo imodzimodziyo. Pambali pake pakhale kamndandanda ka mawu ovuta osanjidwa kale ndi manja, ng'ombe wa nkhodolero zonse ziwiri, maŵa wa mitundu yonse iwiri, dzina la mpata kutsogolo, dzina la zilembo zazikulu zokhazokha, fayilo2 ndi fayilo10, kuti tsiku lililonse limene mwasintha makina kapena laibulale muziyamba mwayesa kamndandandako musanakhudze deta yeniyeni. Ndipo amene amapereka ntchito kwa olemba mapulogalamuwa, mabwana a maofesi, azifunsa funsoli asanalandire ntchito, auzeni akuonetseni pamene ng' ndi ŵ zikugwera.

Koma wolemba pulogalamu sangagamule yekha za chilankhulo, ndipo sikoyenera kuti aliyense azingosankha zake. Ine pandekha ndimaona kuti mawu a ng' ndi bwino akhale pamodzi pambuyo pa mawu onse a ng, chifukwa kamvekedwe kake nkosiyana ndipo wofufuza adziwa pokayang'ana, pamene ŵ aziyenda limodzi ndi w popeza ambiri polemba kadengako amakasiya ndipo dzina limodzi limapezeka lolembedwa mitundu iwiri. Wina atha kutsutsa nkunena kuti nkhodolero izingodumphidwa, ndipo ali ndi mfundo, chifukwa nayonso anthu amaisiya pa foni. Nde a Mkonzi ndikupempha kuti mupereke danga mu nyuzipepa yanu kwa akatswiri a chilankhulo, aphunzitsi ndi amene amalemba madikishonale atiuze poyera, ng' akhale pati, ŵ akhale pati, nanga mawu oyamba ndi m' monga m'nyumba asanjidwe motani, ndipo akagwirizana zilembedwe mwachidule moti ife olemba mapulogalamu tithe kuzikopera mu tebulo mmene zililimo.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzipepa yanu